Motoka za malaiti zibwele, koma soketi yoyamba ikhale pa msika

Amai ndi atate a m'misika, a ku Soweto, City Market, Matero, Chawama, Mtendere, a ku Kapata ku Chipata, a ku Chisokone ku Kitwe, ndi inu nonse amene mumauka 04 koloko kukapikula, lelo tikambilaneko nkhani imene ambili muganiza kuti si yanu. Ni nkhani ya motoka za malaiti ndi malo ochajilapo. Tidziwa wina akamba kale kuti, "Ine nigulitsa chabe tomato, ngakhale njinga nilibe, za motoka yochaja zinikhudza bwanji?" Zikukhudzani amai. Tomato wanu sabwela ndi miyendo pa msika. Abwela pa Canter, ndipo Canter imamwa dizilo.

Zambia ilibe chitsime cha mafuta ngakhale chimodzi. Lita iliyonse ya petulo ndi dizilo imachokela kunja, yogula ndi madola. Dizilo ina ipita m'paipi ya TAZAMA kuchoka ku Dar es Salaam mpaka ku Ndola, mafuta ena abwela ndi ma tanker pa mseu. Boma litachotsa subsidy mu December 2021, ERB inayamba kulengeza mtengo mwezi ndi mwezi, ndipo mudziwa mwekha mmene zimayendela. Mafuta akakwela, wa Canter akweza, wa minibus akweza, bokosi la tomato likwela, koma kasitomala wanu afuna mulu pa mtengo wa dzulo. Mafuta akatsikako, palibe amene akumbukila kutsitsa. Amene aluza pakati apa ndinu. Ndiye ngati pali njila yakuti katundu aziyenda ndi mphamvu yochokela ku mitsinje yathu ndi ku dzuwa lathu, ife sitingakane. Motoka za malaiti zibwele. Mkangano wathu uli pa funso lina: tiyambila pati, ndipo adzadyelapo ndani?

Mu budget ya 2024, a Minister a zachuma a Situmbeko Musokotwane anachotsa customs duty pa motoka za malaiti, mabasi, mathiraki, njinga zamoto, pamodzi ndi machaja ake. Papepala ni chinthu chabwino, tisaname. Koma kuchotsa duty kumathandiza munthu amene ali kale ndi ndalama zoitanitsila motoka. Iye ali ndi nyumba yake ku Kabulonga kapena ku Ibex, ali ndi geti, mita yake yekha, solar padenga ndi genset kumbuyo. Uyu safuna thandizo la boma kuti achaje. Wa minibus ya ku Kanyama amene agona m'nyumba ya lendi, mita imodzi mabanja asanu, ndipo usiku uliwonse pali mkangano wakuti ndani wamaliza ma units, duty imeneyo sinamufikeko.

Chaja ni soketi chabe. Ngakhale muipake penti yobiliwila ndi kudula riboni pamaso pa makamela, kumbuyo kwake kufunika waya, transformer, ndi malaiti enieni ochokela ku Kariba kapena ku Kafue Gorge. Tiyeni tiwelengele m'ma units, chifukwa ndicho chilankhulo chimene tonse timva. Batire ya motoka yaing'ono ya malaiti imadya ma units 40 mpaka 60 kuti idzale. Deep freezer imene musungilamo nkhuku, nsomba ndi ma freezit imadya unit imodzi kapena awili pa tsiku. Ndiye kuti motoka imodzi ikadzaza batire kamodzi, yadya malaiti a freezer yanu a mwezi wathunthu, mwina kupitililapo. Chaja ya panyumba imakoka pafupifupi ma kilowatt 7 ndipo imatenga usiku wonse. Chaja yothamanga, ija yodzaza motoka pamene mwini wake akumwa tiyi, imakoka ma kilowatt 50 mpaka 150, zina kuposa apo. Machaja awili otele angathe kukoka mphamvu yofanana ndi transformer imene idyetsa chigawo chonse cha komboni. Motoka 1,000 zikachaja nthawi imodzi pa ma kilowatt 50, ni ma megawatt 50, theka la solar yonse ya ku Chisamba imene inatsegulidwa mu 2025.

Manje kumbukilani 2024. Pa 29 February a President Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ni tsoka la dziko. Pofika September, malo ambili anali kuona malaiti maola atatu chabe pa tsiku, nthawi zina pakati pa usiku. Ku Kariba, pa makina asanu ndi limodzi a mbali yathu, anali kuzungulila amodzi chabe. Dziko linapelewela ma megawatt oposa 1,000. A butchery anataya nyama, a barbershop anakhala manja lende, a welding ku Kalingalinga ndi ku Garden anali kuuka 01 koloko kuti agwileko nchito malaiti asanapite, mtengo wa malasha unakwela. Mu November anatiikilanso emergency tariff kuti ZESCO igule malaiti kunja. Chilala sichinapangidwe ndi boma, izo tidziwa, ndipo mdima unatigwelanso mu 2015 ndi mu 2019. Koma ndiye chifukwa chake palibe angakambe kuti sanadziwe. Malaiti athu opitilila 80 pa 100 amachokela ku madzi. Mvula ikakana, dziko lizima. Tiyelekeze kuti chaka chija ma minibus onse a mu Lusaka anali ochaja pa ZESCO. Mukanafika bwanji ku Soweto?

Amene akonda nkhaniyi amatichulila Norway. Nizoona, mu 2024 pafupifupi motoka 89 pa 100 zatsopano zimene zinagulidwa kumeneko zinali za malaiti. Koma sauzako anthu mbali inayo. Norway ili ndi anthu mamiliyoni asanu ndi theka chabe, nyumba iliyonse ili ndi malaiti, ndipo ambili amachajila kunyumba usiku, osati pa mseu. Boma lao, lolemela ndi ndalama zogulitsa mafuta kwa ena, linachotsa VAT pa motoka zimenezi kuyambila 2001, kwa zaka zambili linawalekelela toll, ndi kuwalola kuyenda m'njila ya mabasi. Anatenga zaka zoposa makumi awili, ali ndi ndalama m'thumba ndi malaiti otsalako. Kuno pafupifupi theka la anthu likali kuunikila ndi kandulo kapena tochi ya foni.

Ngakhale olemela anapunthwa. Ku America, lamulo la 2021 linaika madola mabiliyoni 7.5 pa machaja. Patapita zaka ziwili ndi miyezi, masiteshoni amene anatsegulidwa ndi ndalama zimenezo sanakwane ndi khumi omwe. Ndalama zinalipo, chinavuta ni malo, mapepala, ndi kudikila kampani ya malaiti kuti ibweletse waya ndi transformer. Ngati transformer inachedwetsa America, inu mudziwa kuti ya m'komboni mwanu ikapsa kapena ikabedwa mumadikila masiku angati. Ku European Union anaika lamulo lakuti pa miseu ikuluikulu pazikhala chaja yothamanga pa makilomita 60 alionse. Yesani lamulo limenelo pa Great East Road. Kuchoka Lusaka kufika ku Chipata ni makilomita pafupifupi 570, ndiye kuti masiteshoni asanu ndi anai kapena khumi. Ku Chongwe, Nyimba, Petauke ndi Katete mwina zingatheke. Nanga m'mapili pakati pa Rufunsa ndi Luangwa Bridge? Ndani adzaika ndalama zake pamenepo kuti azichaja motoka zitatu pa sabata? Motoka sizigulidwa chifukwa kulibe chaja, chaja siimangidwa chifukwa kulibe motoka. Maiko olemela anadula mfundo imeneyo ndi ndalama za boma. Ife, amene tinalephela kulipila nkhongole mu 2020, ndalama zathu ziyenela kupita pamene zidzagwila nchito tsiku lililonse.

Ndipo pamenepo sitifunika kuyang'ana ku Ulaya. Tiyang'ane anzathu apafupi. Ku Kigali, Rwanda, kampani ya Ampersand inayamba ndi njinga zamoto zonyamula anthu. Wa njinga sagula batire ndipo sadikila kuti idzale. Ikatha, afika pa kasiteshoni kofanana ndi kantemba, achotsa yakutha, aika yodzala, alipila, ndipo pa mphindi ziwili ali pa mseu. Ni monga kusintha botolo la gas. Kampani ina, Spiro, ichita chimodzimodzi ku Benin, Togo, Uganda ndi Kenya. Zinafika pakuti kuyambila January 2025 Rwanda inaleka kulembetsa njinga zatsopano za petulo zonyamula anthu mu Kigali. Koma onani dongosolo lake: masiteshoni anayamba, lamulo linabwela pambuyo.

Ku Nairobi, BasiGo inayamba kuyendetsa mabasi a malaiti mu 2022. Mwini basi salipila mtengo wonse wa batire tsiku limodzi, amalipila pa kilomita imene wayenda, ndipo m'menemo muli kuchaja ndi kukonza. Mu 2023 Kenya inaika tariff yapadela yochajila, imene usiku imatsika pafupifupi theka, chifukwa usiku mafakitale agona ndipo malaiti atsalako. Iwo ali ndi mwai umene ife tilibe, mphamvu ya nthunzi yochokela pansi pa nthaka ku Olkaria, imene siyang'ana mvula. Ku India, zoposa theka la njinga zatsopano za mawilo atatu ni za malaiti, ndipo zinyamula anthu ndi ndiwo m'tinjila ta m'misika. Ku Shenzhen, China, anasintha mabasi onse oposa 16,000 pofika kumapeto kwa 2017. Konseku sanayambe ndi motoka ya bwana. Anayamba ndi chinthu chimene chiyenda tsiku lonse, njila imodzimodzi, ndi kugona pamalo amodzi. Basi ya Chelstone kapena ya Matero idziwika kumene iyambila ndi kumene igona, ndiye chaja imodzi pa siteshoni ikwanila mabasi ambili. Ndiwo masamu ake.

Ethiopia inatenga njila yachidule. Mu 2024 inaletsa kuitanitsa motoka zaumwini za petulo ndi dizilo. Ali ndi damu lalikulu pa Blue Nile lopanga ma megawatt oposa 5,000, komabe machaja ali ochepa, ambili ali mu Addis Ababa momwemo, ndipo amakanika odziwa motoka zimenezi ni osowa. Tichula izi dala, kuti tsiku lina munthu akabwela kuchoka ku msonkhano wa kunja ndi ganizo loletsa ma Hiace ndi ma Corolla a ku Japan, mudziwe chomufunsa.

Ife ganizo lathu ni ili. Siteshoni yoyamba yochajila imene idzadya ngwee ya boma ikhale pa msika ndi pa bus station, ndipo ikhale ya solar yokhala ndi mabatire ake. Denga la msika waukulu ni munda wa dzuwa umene ungokhala chabe. Mu Lusaka, kilowatt imodzi ya ma panel imapeleka ma units anai kapena asanu pa tsiku. Ikani ma kilowatt 100 pa denga, mwapeza ma units 400 mpaka 500 tsiku lililonse. Batire ya njinga yamoto imadya ma units atatu kapena anai chabe. Ndiye kuti denga limodzi lingachaje njinga makumi ambili zonyamula katundu, ndipo patsalabe malaiti a cold room, a ma freezer, a mababu a usiku ndi a pampu ya madzi ku chimbudzi. Njinga ya mawilo atatu ingatenge mabokosi anu kuchoka ku Soweto kufika ku Chawama popanda dontho la petulo. Mnyamata amene lelo akankha wilibala mpaka msana kupindika angakhale dalaivala wake. Ndipo chilala chikabwelanso, pakuti chidzabwela, msika ukhalabe woyaka pamene tauni yazima. Malamulo a net metering anatuluka mu 2024, ndiye zotsala zingagulitsidwe ku ZESCO. Izi si maloto. Ku South Africa, kumene naonso adziwa load shedding, anatsegula siteshoni yochajila ya solar yosadalila Eskom ku Wolmaransstad mu 2024. Boma limatamanda CDF tsiku lililonse. Chabwino, ationetseko msika umodzi pa constituency umene denga lake lipanga malaiti.

Koma tisakhale monga mwana woona switi. Pali zoopsa, ndipo choyamba ni moto. Amene munali pa City Market mu July 2017 simufuna kukumbutsidwa mmene katundu wa zaka zambili anasandukila phulusa usiku umodzi. Batire ya lithium ikakhala ya fong kong, kapena ikachajidwa pa waya wolumikiza mwachinyengo, imatha kuyaka, ndipo moto wake ni wovuta kuzima, umayambanso pamene muganiza kuti watha. Msika uli ndi salaula, mapulasitiki, matebulo a mapulanga. Ngati boma silimanga malo oyenela ochajilapo, a njelwa, otalikilana ndi katundu, okhala ndi munthu wophunzila, anthu adzachajila m'tuntemba pa adapter ya K20, chifukwa njinga zimenezi zibwela ndithu, kaya boma lakonzeka kapena iyai. A ZABS ndi a ZCSA ayenela kuona mabatire olowa m'dziko manje, osadikila malilo.

Chachiwili ni funso limene aliyense wa pa msika adziwa: ndani adzagwila kiyi? Takhala tikuona, pansi pa maboma osiyanasiyana, chilichonse chobweletsa ndalama pa msika ndi pa station chimapeza "eni ake" amene sanaikepo ngakhale njelwa imodzi. Chimbudzi chili ndi mwini, geti ili ndi mwini, malo oimika Canter ali ndi mwini. Soketi nayo idzapeza mwini ngati sitikamba msanga. Lamulo la Markets and Bus Stations Act la 2007 linapeleka misika kwa makhonsolo ndi ma board okhala ndi oimila ogulitsa. Ndiye mtengo wa unit pa chaja ulembedwe pa chikwangwani, uvomelezedwe ndi ERB, kulipila kukhale pa mobile money kapena ndi lisiti, ndipo ma marketeer akhale ndi share kupyolela mu cooperative yao. Ngati levy yanu ndiyo idzamanga denga, phindu la denga lisapite kwa munthu wovala beret, kaya ni ya mtundu wanji.

Pali kenanso kamene ambili sadziwa. Ife timagula motoka zakale za ku Japan, ndipo za malaiti nazonso zidzabwela njila yomweyo. Nissan Leaf ya zaka khumi ioneka yoyela kunja, koma batire yake yatopa, iyenda mtunda wochepa kuposa pamene inali yatsopano, ndipo batire ndiyo mbali yodula kwambili ya motoka. Komanso pulagi si imodzi. Japan ili ndi yake yochedwa CHAdeMO, imene dziko lonse likuisiya, Ulaya ili ndi CCS, China ili ndi GB/T, ndipo ku America makampani monga Ford ndi General Motors analengeza mu 2023 kuti adzasamukila ku pulagi ya Tesla. Mukumbukila nthawi ija foni iliyonse inali ndi chaja yake, wa Nokia sangabweleke kwa wa Samsung? Boma likapanda kusankha muyezo, munthu adzatenga loni, kugula motoka, nkupeza kuti pa siteshoni pulagi siilowa. Ku njinga nchimodzimodzi: batire ya kampani iyi siikwana pa njinga ya kampani ija, ndipo wa njinga amakhala womangika kwa kampani imodzi imene ingakweze mtengo tsiku lililonse imene yafuna.

Chowawa kwambili ni nkhani ya mkuwa. Motoka ya malaiti imadya mkuwa woposa kawili wa motoka ya petulo, ndipo chaja iliyonse ku Oslo kapena ku Shanghai ili ndi mawaya a mkuwa. Mu 2024 tinakumba matani oposa 800,000, ndipo boma lifuna matani mamiliyoni atatu pofika 2031. Migodi imadya pafupifupi theka la malaiti a dziko lino. Ndiye onani mmene zilili: inu mukhala mu mdima kuti mgodi usazime, mkuwa upita kunja, ukapanga machaja a anthu ena, ndiye ife tigule chaja yomweyo ndi madola. Mu April 2022 a Hichilema ndi a Tshisekedi a ku Congo anasaina pangano mu Lusaka lakuti maiko awiliwa azipanga zinthu za mabatire konkuno, ndipo mu December chaka chomwecho America inasainanso nao. Funsani a MP anu kuti fakitaleyo ili pati ndipo yalemba ana angati. Pamene tikudikila yankho, ku Luanshya kuli ZAMEFA imene ipanga mawaya a mkuwa kwa zaka zambili. N'chani chiletsa kuika mu contract iliyonse kuti waya wa siteshoni yochajila ugulidwe m'dziko muno, ndipo oika ndi okonza akhale ana athu ochokela m'makoleji a TEVETA?

Tisaiwalenso msonkho. Pa lita iliyonse ya mafuta pali fuel levy imene ipita ku Road Fund yokonzela miseu. Bwana wa motoka yochaja salipila levy imeneyo, koma mseu augwilitsa nchito. Ku Britain anaona dzenje limeneli, ndipo kuyambila April 2025 motoka za malaiti zinayamba kulipila msonkho wa pamseu monga zina zonse. Kuno dzenje likaoneka, tiopa kuti adzalikwilila ndi toll gate ina, ndipo toll ya Canter imathela pa mulu wanu wa anyezi.

Ndiye a khansala kapena a MP akabwela pa msika ndi nkhani ya "green", musawaombele m'manja msanga. Afunseni kuti siteshoni idzakhala pa mall kapena pa msika. Afunseni ngati idzatenga malaiti pa transformer yomweyo imene idyetsa ma freezer anu, ndipo ikalemedwa adzayamba kuzimila ndani. Afunseni za mseu wa Lusaka kupita ku Ndola, wa makilomita 327, umene tidzaulipila pa toll kwa zaka zambili, ngati ma basi ndi mathiraki a katundu ali ndi malo ochajilapo pa pulani yake. Akayankha kuti "tiziona", apempheni alembe papepala, asaine, ndipo chairlady wa msika asunge kope.